Denga la Amake Nakhle

M'mudzi mwathu muno, pamwamba pa mapiri a Lebanoni, chikhristu cha munthu umachidziwa poona pomwe wakhala m'tchalitchi. Nyengo yozizira ikafika, oyera mtima amalawirira ku Misa kuti apeze malo pafupi ndi mbaula. Ena tonse timakhala kukhomo, komwe mphepo imalowera pansi pa chitseko. Ine ndakhala kukhomoko zaka zitatu tsopano, chimwalirireni mkazi wanga Saydeh. Iye ndiye ankandikokera kutsogolo.

Chipale chofewa chinagwa Lachisanu ndi Loweruka lonse. Lamulungu dzuwa linatuluka, ndipo dzuwa lotere ndi mdani wa denga ladothi. Denga limeneli latsala limodzi lokha, la amake Nakhle, mayi wamasiye wokalamba woyandikana nane nyumba. Enafe tinathira simenti kalekale. Ladothi limafuna kuti ukokolepo chipale chisanasungunuke, ndi fosholo yamtengo yomwe sidula dothi, kenako ugudubuzepo mwala waukulu wobulungira womwe timautcha mahadale kuti ming'alu itsekeke. Mwana wawo Nakhle, amene amakhala kunyanja ku Jounieh, anali atanena kale: madzi akadzangodontha m'nyumbamo, adzawatenga mayi ake n'kutseka nyumbayo.

Popita ku Misa ndinawapeza pakhomo atafunda bulangeti.

"Aphunzitsi, mukawauze amuna anzanuwo. Ine kunyanja sindipita. Ndikafere pansanjika yachisanu ngati mbalame ya m'khola?"

"Ndikawauza, amayi."

"Nanga fosholo yamtengo ija ankandibwereka malemu Saydeh, ilipobe?"

"Ndiyang'ana."

Ndinkadziwa pomwe inali. Inali m'chipinda chosungira zakudya, kuseri kwa mabotolo a azitona omwe Saydeh analembapo chaka ndi dzanja lake. Chitseko chimenecho ndinali ndisanachitsegulepo chichokereni maliro.

Ndinawanong'oneza Bambo Semaan za dengalo, iwo n'kuliika m'ulaliki, pakati penipeni pa mawu okonda mnansi. A Tanios, mwini sitolo ya zomangira, amenenso mpando wawo uli pamphuno pa mbaula, anaimirira ulaliki usanathe.

"Bambo, lero lomwe! Tisatchedwe akhristu ngati mayi ameneyu agona m'madzi."

Anthu anagwedeza mitu. Amayi awiri anapukuta misozi. Kenako amuna onse anapita kukamwa khofi, poti ntchito ya Ambuye safuna kuigwira m'mimba muli zii. Khofiyo anatenga ola ndi theka. Pomwe ankafika kwa amake Nakhle, dzuwa lili paliwombo, madzi anali atayamba kale kuyenderera m'makoma.

Anabwera asanu ndi atatu, aliyense ndi fosholo yachitsulo yatsopano yochokera m'sitolo ya a Tanios, mapepala a kufakitale akadali pampini. Sarkis, mpongozi wa a Tanios, sananyamule fosholo. Iye ananyamula foni, kuti abale athu a ku Sydney aone kuti mudzi ukadali ndi chikondi.

"A Tanios," ndinatero, "chitsulo chidula dothi."

"Aphunzitsi, pano si m'kalasi. Mwatiphunzitsa Chifalansa zaka makumi atatu popanda womva, lero mutiphunzitse fosholo?" Onse anaseka. "Chabwino, yamtengoyo ili kuti? Bweretsani tione."

Kuchokera pomwe ndinaima kukafika pakhomo panga ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndinaika manja m'matumba n'kuyang'ana phiri.

Anakwera. Mafosholo anayamba kulira, ndipo chipale chomwe chinkagwera pansi chinali chofiirira, chosakanikirana ndi dothi ndi mapesi a tirigu. Amake Nakhle anatuluka, nayang'ana mulu womwe unali pakhomo pawo.

"Tanios iwe! Ndinakusambitsa uli khanda, lero ukundilimira denga? Ukufuna udzalepo mbatata?"

"Lowani m'nyumba amayi, mungazizidwe. Muzingotipempherera basi."

"Ndikupempherera kuti ugwe!"

"Sarkis, ajambule nawo amayiwa, akusangalala."

Anamaliza m'theka la ola. Mwala wa mahadale anaupeza pakona ya denga. A Tanios anaupondapo phazi limodzi, Sarkis n'kujambula, kenako anagwirizana kuti zamiyala ndi zachikale, dzuwa liumitsa lokha. Anatsika akuyamikirana.

Atapita ndinakwera ndekha. Dengalo linali mizere yokhayokha ngati munda wolimidwa kumene. Mwalawo ndinaukoka mpaka msana kundibaya, koma unasuntha pang'ono chabe. Nditatsika ndinakatsegula chipinda chija. Sichinandichite kanthu. Ndi chipinda wamba, chonunkha fumbi ndi azitona. Fosholo inali pomwe ndinkadziwa, ndipo panalibenso chipale choikokolera.

Pofika Lolemba madzi ankadontha malo asanu ndi awiri. Amake Nakhle anatchera mapoto ndi mabeseni, nandilumbiritsa kuti ndisamuuze mwana wawo. Sindinamuuze. Zinamuuza ndi zithunzi za Sarkis, zomwe zinazungulira ku Sydney n'kubwerera ku Jounieh. Nakhle anakulira pansi pa denga limenelo. Atangoona zitsulo m'manja mwa anthu, sanaimbe n'foni yomwe. Lachiwiri, msewu utangotsegulidwa, galimoto yake inaima pakhomo.

Mayiwo sanalire. Anakulunga chithunzi cha Maria Virigo m'thaulo, nandipatsa kiyi kuti ndizitaya madzi a m'mapoto.

"Yamtengo ija munaipeza, aphunzitsi?"

"Ndinaipeza."

"Liti?"

"Madzulo ake."

"Saydeh akanakukokani khutu," anatero, n'kulowa m'galimoto.

Lamulungu lotsatira Bambo Semaan anathokoza amuna amene anaonetsa chikondi, nawatchula mayina mmodzimmodzi. Anati zomwe zinachitika pambuyo pake ndi chifuniro cha Mulungu. Langa analitchula pomaliza, monga wobweretsa uthenga. Anthu anaomba m'manja. A Tanios anasendera pang'ono pabenchi yawo, nandikodola kuti ndibwere kutsogolo.

Ndinapita. Pamenepo m'pofunda ndithu.