Bokosi Losochera la ku Zomba

Bokosi lomaliza kutsegulidwa ndi limene linabweretsa mavuto m'nyumba ya a Mkandawire.

Chinali chaka chimene boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Malole ankapakira katundu wa mabanja angapo nthawi imodzi, n'kumatsitsa khomo ndi khomo. A Greenwell Mkandawire, omwe ankagwira ntchito ku Capital Hill, anapatsidwa nyumba ku Area 12. Mkazi wawo, Elsie, amene iwo ankamutchula kuti Nyagondwe, ankamasula mitolo pang'onopang'ono chifukwa mwana wawo Lizzie anali wakhanda.

Tsiku lina Elsie anatsegula bokosi lathabwa limene linatsalira pakona, ndipo anangoti kakasi. Munali makina osokera akuda, onyezimira, okulungidwa m'chitenje chimene sanachionepo. M'mbali mwa thabwa lake munali mutazokotedwa dzina lakuti Janeth Nyirenda.

Amuna ake atabwera kuchokera kuntchito anawazunguza makinawo akumwetulira.

"Nyagondwe, kodi si iwe unkalira makina chaka chonse chatha? Awa abwera okha."

"Koma si athu, bambo a Lizzie. Taonani dzinali."

"Tinaba ife? Anatitsitsira ndi a lole. Chotola sichikhala chakuba. Dzinalo ndilipala ndi mpeni, basi nkhani yatha."

Elsie anawagwira dzanja. "Taimani kaye, mtima wanga sukuvomera."

A Greenwell anaseka, nati adzapala Lamulungu akachokera kutchalitchi.

Loweruka Elsie anapita ku Old Town kukasoketsa makatani, pakuti mawindo a nyumba yatsopanoyo anali aakulu kuposa a ku Zomba. Telala wake anali a Sadiki, amene ankasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Ali mkati moyeza nsalu, a Sadiki anapukusa mutu.

"Mayi, dzikoli lavuta. Dzulo apolisi anayenda kwa matelala tonse, kufunsa ngati wina watitsatsa makina. Akuti nesi wina wochokera ku Zomba, Mayi Nyirenda, makina awo anasowa paulendo. Dalaivala wa lole, Lemson, am'tsekera. Mkazi wake ndi woyandikana nafe, akungolira, ana sakudya."

Elsie ankamukumbukira bwino Lemson: ndi amene anasenza bedi la Lizzie kulowa nalo m'nyumba, fumbi lili mbuu kumaso. Anasiya nsalu pamenepo osatsazika n'komwe.

Atafika ku Area 12 sanalowe kwawo. Anakhotera kwa a Chikaonda, oyandikana nawo, amene ankaimira boma pa milandu kukhoti. Anawapeza akuthirira kapinga wobzala kumene. Elsie anafotokoza zonse, ndipo a Chikaonda anamupempha kuti akaitane amuna ake.

A Greenwell anabwera nkhope ili gwa. "A Chikaonda, mkaziyu akukulitsa nkhani. Ife sitinathyole nyumba ya munthu."

"Khalani pansi, a Mkandawire. Dzina lija mwapala kale?"

"Ayi, ndimati mawa."

"Thokozani Mulungu kuti lero si mawa. Mukanapala, bwenzi Lolemba ndikukuimbani mlandu wakuba."

A Greenwell anadzuka pampando. "Ine? Wakuba? Munthu wa ku Capital Hill?"

"Lamulo silifunsa kumene munthu amagwira ntchito," anatero a Chikaonda mofatsa. "Milandu yambiri imaima ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi chimene munthu wachita. Wachiwiri ndi chimene chinali mumtima mwake pochitapo. Ukasowa umodzi, mlandu umagwa. Bokosi litalowa m'nyumba mwanu, katundu wa mwini analidi m'manja mwanu, koma simunkadziwa. Pamenepo palibe mlandu. Mutaona dzina, munaganiza zowasunga makinawo, koma simunachitebe kanthu. Khoti sililanga maganizo okha. Koma mpeni ukangokhudza dzina lija, miyendo yonse iwiri yakwana: mwasandutsa chinthu cha mwini kukhala chanu, n'cholinga choti mwiniwake asadzachionenso. Kuba ndi kumeneko. Sikulira kuthyola chitseko."

"Nanga zoti chotola si chakuba?" anafunsa Elsie.

"Zimatheka pokhapokha ngati mwiniwake simukumudziwa, ndipo pali zifukwa zomveka zokhulupirira kuti sangapezeke. Apa dzina lilipo, lole ikudziwika. Ndipo mukanagulitsa kwa telala, iye n'kugula akudziwa kapena ali ndi chifukwa chokayikira kuti ndi akuba, nayenso akanagwa mumlandu wolandira katundu wakuba."

A Greenwell anakhalanso pansi. Ntchito, nyumba ya boma, dzina lawo kumudzi ku Rumphi, zonse akanazitaya ndi kampeni ka kukhitchini.

"Nanga Lemson?" Elsie anafunsanso. "Am'manga zaka zingati?"

"Kutsekeredwa si kupezeka wolakwa, mayi. Munthu amakhala wosalakwa mpaka boma litabweretsa umboni wosasiya chikayiko. Ngati Lemson anangosokoneza mabokosi, ndiye kuti analakwitsa ntchito, koma sanabe, pakuti analibe mtima wolanda. Vuto ndi lakuti umboni womupulumutsa uli pakona m'nyumba mwanu."

"Tikapita nawo kupolisi, satitsekera ifeyo?" anafunsa a Greenwell, mawu atatsika.

"Munthu wobweza yekha, n'kunena zoona, akuonetsa poyera kuti alibe cholinga chakuba. Choopsa n'kukhala chete mukudziwa. Nyamulani, ndikuperekezani."

Anakweza bokosilo m'galimoto ya a Chikaonda masana omwewo. Kupolisi Elsie anafotokoza mmene bokosilo linafikira, tsiku limene analitsegula ndi zimene anamva kwa a Sadiki. Apolisi anaitanitsa Mayi Nyirenda. Atangoona chitenje chija anagwira pakamwa.

"Makina a malemu amayi anga! Mayo ine, ndam'mangitsa munthu wosalakwa!"

Lemson anatulutsidwa dzuwa lisanalowe, ndevu zitamera, atagwira thalauza m'chiuno poti lamba anali atam'landa polowa. Atamva nkhani yonse anawayang'ana onse mmodzimmodzi.

"Ndakhala ndikuwauza kuti mwina ndinatsitsa pakhomo lolakwika," anatero. "Nyumba za kumeneko zimangofanana. Palibe anandimvera."

Mayi Nyirenda anagwada kupepesa. A Greenwell analephera kumuyang'ana Lemson m'maso, anangomugwira dzanja ndi manja awiri. A Chikaonda anam'tengera Lemson mpaka ku Old Town, ndipo mkazi wake atamuona akutsika m'galimoto anakuwa mpaka a Sadiki ndi anthu a m'makonde anathamangira kudzaona. Lolemba Lemson anabwerera pa lole yake.

Pobwerera kunyumba, atafika pageti, a Greenwell anati, "Nyagondwe, ukanapanda kundigwira dzanja, Lemson, bambo wa ana, akanapita kundende chifukwa cha ine, ndipo ine ndikanam'tsatira."

Phunziro lake ndi ili: mlandu umapangidwa ndi chochita pamodzi ndi cholinga. Kulakwitsa mosadziwa si kuba, koma kusunga chinthu cha mwini mwadala, ukudziwa kuti mwiniwake angapezeke, ndi kuba ndithu, ngakhale chitabwera chokha pakhomo pako. Mukapeza katundu amene si wanu, m'bwezeni kapena kanenani kupolisi msanga. Mukachedwa, wina wosalakwa akhoza kukhala akugona pasimenti m'malo mwanu.