Chipinda cha Kuseri

Shamsa ankapinda mabulangete pamene anamva makiyi akulira m'thumba la a Bakari, akulu ake a malemu mwamuna wake. Kulira kwake ankakudziwa. Mwamuna wakeyo, Habibu, ankayenda nawo m'chiuno makiyi amenewo.

Nyumbayi inali ya pa esiteti yakale ya mpunga kufupi ndi Chia. Habibu anaipeza ili bwinja, mileme ili mbwee kudenga, naikonza ndi manja ake mpaka inasanduka malo ogona alendo. Dzana anamuika m'manda. Abale obwera kumaliro anagawana zipinda za alendo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wooneka kuti akulongedza.

"Alamu," anatero a Bakari ataima pakhomo, maso ali kumbali, "chipinda chanu chija tikuchifuna. Loweruka kukubwera azungu."

Shamsa anamangitsa mbereko, ngakhale kuti mwana wake Nasra anali m'tulo kumsanako.

"Ndili pa eda, alamu. Ashehe anati namfedwa asachoke panyumba ya mwamuna wake mpaka miyezi yake itakwana."

"Wakuchotsani ndani? Kuseri kuja nakonso n'kwa mwamuna wanu."

"Kosungira mpunga kuja?"

A Madina, akazi a a Bakari, anaseka pakhonde, masilipasi a Habibu ali kuphazi.

"Matipate amenewa! Aliyense wamera pakamwa. Pitani nayo kukhoti Fomu Folo yanuyo, mayi."

"Nanga eda ikadzatha?" anafunsa Shamsa.

"Msewu wa kwanu ku Nkhunga simunauiwale," anayankha a Bakari.

Kukhoti sakanatha kupita. Mkazi wa pa eda satuluka kumpanda, ndipo lamulo limeneli a Bakari ankalisunga kuposa ashehe. Pomwe miyeziyo izidzatha, chikwangwani cha kumsewu chidzakhala chitasintha kale dzina.

Ananyamula mphasa ndi kachikwama ka zovala za mwana, nadutsa pabwalo. Azimayi opeta mpunga wa sadaka anaweramira m'malichero awo. Palibe anamuitana.

Kuseriko ankayembekeza fungo la makoswe. Anapeza pansi pali simenti yosalala, pazenera atakhomerapo sefa yotchinga udzudzu. Atabweza chitseko anaona mpiringidzo wachitsulo, watsopano, wokhomedwa mkati. Mosungira mpunga satsekera mkati.

Anakumbukira Habibu m'miyezi yake yomaliza, akutsokomola, akugogoda hamala kuno masana onse. Ukamufunsa ankangoti, "Ndikulimbana ndi makoswe." Moyo wake wonse munthu uja sanawayankhepo akulu ake, ngakhale liwu limodzi. Ankawadziwa. Koma m'malo mopita nawo kwa ashehe kapena kuboma, anakagula sefa ndi misomali.

Shamsa anafuna kumukwiyira, mkwiyo osabwera. Anatambasula dzanja, napeza mpiringidzowo uli pomwe dzanja lake lalifupi limafika bwinobwino. Anaukankha. Unalowa mwakachetechete, uli wopakidwa kale girisi, ndipo Nasra sanadzuke.