Ngolo Ziwiri Sizibwerera M'mbuyo

"Bambo a Angel, zonsezi zikokedwe ndi galimoto imodzi?" anafunsa Anastasia ataima pakhomo, dengu la zakudya lili m'manja.

Wallace, mwamuna wake, anali atagwada kumbuyo kwa kalavani, akumanga bauti yomaliza ya chitsulo chokokera chimene anawotcherera yekha dzulo lake. Mumsewu wawo wa ku Foleshill, mumzinda wa Coventry, munali mutaima chinthu chachitali ngati sitima: kutsogolo pikapu, pakati kalavani, kumapeto bwato pa ngolo yake. Kalavaniyo sinali wamba. Inali ya mtundu uja umene khosi lake limakwera m'bodi mwa pikapu n'kukhala pa chimbale chachitsulo, monga imakhalira ngolo ya thiraki. Wallace anaigula kwa msilikali wina wa ku America amene ankabwerera kwawo, ndipo ankainyadira kuposa digiri yake ya uinjiniya.

"Mayi a Angel, bambo anga ankakoka ngolo zitatu za nzimbe ndi thirakitala imodzi ku Nchalo, ine nditakhala pambali pawo," anatero akupukuta m'manja. "Ziwiri zokhazi zindikanike?"

"Kuno si kumunda wa nzimbe. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Alekeni, alamu," anatero Chiukepo akutuluka m'nyumba ndi mbedza zake. "Injiniya akalankhula, ife ogulitsa mankhwala timangovomera."

Chiukepo anali mnzake wa Wallace wa ponda apa nane m'pondepo. Chaka chilichonse, mwezi wa Julaye, ankapita ku nyanja ya Bala ku Wales, Wallace akukoka kalavani, Chiukepo akukoka bwato limene anagula limodzi lili lobooka n'kulimata okha. Koma chaka chimenechi, 1994, Chiukepo analibe galimoto. Anali ataigulitsa pamodzi ndi mipando ndi mabuku, chifukwa Lachiwiri ankakwera ndege kubwerera ku Malawi. Anachoka kwawo ku Rumphi mothawa, monga anachokera ambiri masiku a chipani chimodzi, ndipo chisankho cha mu Meyi chitangodutsa anagula tikiti. Choncho ulendo uwu unali womaliza, ndipo Wallace sankafuna kuti pa ulendo womaliza pasowe kanthu ngakhale kamodzi. Za Lachiwirizo sankazitchula. Wina akaziyamba, iye ankapeza bauti yoti amange.

Ananyamuka bwinobwino. Wallace ankakhota motakasuka, akusuzumira m'magalasi, ndipo anthu m'mphepete mwa msewu ankatembenuka kuwayang'ana. Pofika ku Birmingham anali atayamba kuimba mluzu.

"Achimwene," anatero Chiukepo, "tadzerani ku Selly Oak. Ndikaione nyumba ija komaliza."

"Ndi sitima imeneyi?" anatero Anastasia.

"Palibe vuto," anayankha Wallace. "Msewu umene uja ndimaudziwa ngati chikhato changa. Ukalowa uku, umakatulukira kumsewu waukulu."

Umo ndi mmene unalili mu 1975, pamene anyamata awiriwa ankachita lendi kachipinda kam'mwamba, wina akuphunzira za makina, wina za mankhwala. Analowa pang'onopang'ono pakati pa magalimoto oimikidwa mbali zonse ziwiri, n'kuima pa nyumba ya chitseko chobiriwira. Pawindo la chipinda chawo chija panali patapachikidwa chitenje cha anthu ena, ndipo pakhonde panali njinga zitatu.

"Pawindo lomwelo ndi pamene tinkaika mkaka kuti uzizire," anatero Chiukepo. "Mukukumbuka tsiku tinakazinga matemba amene anakutumizirani amayi anu? Mayi wa landilodi anakwera masitepe akuti m'nyumba mwafa khoswe."

"Kenako anadya mbale yonse," anatero Wallace. Anaseka mpaka misozi, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati mnyamata wa masiku amenewo, amene ankayenda ndi jekete lobwereka. Anastasia anali atamva nkhani imeneyi kosawerengeka, koma tsiku limenelo anaimvetsera ngati yatsopano.

Atakhutira, Wallace analiza injini n'kupitirira kutsogolo. Sanapite patali. Kumapeto kwa msewu, pamene kale ankatulukirapo, panali zipilala zitatu zachitsulo ndi kamtengo kodzalidwa pakati. Akhonsolo anali atautseka, ndipo kamtengoko kanali kataphuka bwino, kusonyeza kuti si ntchito ya dzulo.

"Ndiye chikhato chija chasintha," anatero Anastasia motsitsa mawu.

Wallace anaika giya yobwerera. Pikapu inakankha kalavani, kalavani inalowera kumanzere, bwato linathawira kumanja. Anawongola, bwato linabwerera n'kupitirira mbali ina. Kachitatu ngolo ya bwato inapindika n'kugunda ngodya ya kalavani, nyali yakumbuyo n'kusweka. Ana a sukulu a ku yunivesite anayamba kutuluka m'nyumba zawo ndi makapu a tiyi, ndipo kumbuyo kunali kutaima kale magalimoto awiri ofuna kudutsa.

Chiukepo anatsika, anayang'ana, n'kubwera pawindo. "Achimwene, kodi madala aja ku Nchalo ankapanga bwanji reverse ndi ngolo zitatu?"

Wallace anazimitsa injini. Zoona zake n'zakuti ankadziwa yankho kuyambira ali mwana. "Sankabwerera," anatero. "Misewu ya m'munda anaikonza yozungulira. Ngolo ziwiri sizibwerera m'mbuyo."

Posakhalitsa panafika wapolisi wa pa njinga yamoto. Anayenda kuchokera pa pikapu mpaka pa bwato akuwerenga mapazi ake, anagwedeza chitsulo chowotcherera chija, n'kunena mwaulemu kuti ntchitoyo inali yolimba ndithu, koma lamulo silinkalola galimoto ngati imeneyo kukoka ngolo ziwiri. Anati sawalembera mlandu ngati amasula pomwepo. Kenako anafunsa kuti atenga chiti, kalavani kapena bwato.

Apa mpamene Wallace anapsa mtima, ndipo sanapsere wapolisiyo.

"Ndinu mwatilowetsa muno," anauza Chiukepo. "Zakale zanuzo. Ndiponso mukadapanda kuthamangira kugulitsa galimoto, bwenzi tili ku Shrewsbury pano. Chilichonse mwangogulitsa, mwangogawa, ngati kuno munalibe anthu."

Chiukepo anavula magalasi ake n'kuwapukuta ndi malaya. "Achimwene, amayi anga anamwalira mu 1981. Mpaka lero sindikudziwa kuti manda awo ali pansi pa mtengo wanji. Mukufuna ndidikirenso chiyani?"

"Sindinanene kuti musapite."

"Simunanene kanthu kalikonse. Miyezi iwiri tsopano."

Anaima choncho pakati pa msewu, amuna awiri a imvi m'mutu, wina akuyang'ana nyali yosweka, wina zipilala. Wallace anachita manyazi, koma koposa manyazi anali ndi chisoni. Iye sakanatha kupita. Angel anali pa sukulu, nyumba inali isanathe kulipiridwa, ndipo kwawo ku Chikwawa amene ankamudziwa dzina anali atatha. Mnzake yekhayo amene ankadziwa za jekete lobwereka ndi matemba ndiye anali kunyamuka.

Anastasia anatsika n'kuika dengu pansi. "Bambo a Angel, alamu, tamverani. Ku Bala mumapitirako kalavani kapena bwato?"

Amuna awiriwo anayang'anana, ndipo Anastasia anapitiriza.

"Masulani bwatolo mulikankhe ndi manja. Kalavani tikaisiye kubwalo la tchalitchi chathu chakale chija apa, a Albert osunga makiyi satikaniza. Ine ndikwera sitima kubwerera kunyumba."

"Ayi alamu, simungatsale," anatero Chiukepo. "Nanga tikagona kuti?"

"Munagona bedi limodzi m'nyumba iyi nyengo yonse yozizira, inu nomwe mumatero. M'bodi mwa pikapu mukakwana. Ine ndinatsanzikana nanu kale dzulo pophika. Amene sanatsanzike ndi awa."

Anachita monga ananenera. Ana a sukulu anayi anasiya makapu awo n'kuthandiza kukankha bwato mpaka kumayambiriro kwa msewu, wapolisi akuimitsa magalimoto. Kalavani itatsala yokha inamvera, ndipo Wallace anaitulutsa chobwerera osagunda kanthu. Kutchalitchi anaitsitsira miyendo yake, anamasula khosi pa chimbale chija, n'kuisiya itaima pansi pa mtengo. Wallace anaizungulira kawiri, anayesa chitseko ngati chakiyidwa, kenako anakakoleka bwato kumbuyo kwa pikapu.

Anastasia anawaponyera mabulangete anayi, lona, poto ndi kasitovu. Pa siteshoni ya Selly Oak anatsika, n'kuweramira pawindo la mwamuna wake.

"Mukakayamba zomanga mabauti kumeneko, ndikamva," anatero.

Anatuluka mu Birmingham dzuwa lili pamutu. Bwato lokha silinkalemera, ndipo pikapu inkatha kuthamanga mmene ikanafunira. Atadutsa Telford, Wallace anakonza kukhosi.

"Ndiye mukafika, mukayambira kuti? Ku Lilongwe kapena mukalunjika ku Rumphi?"

Chiukepo anamuyang'ana, n'kuyamba kufotokoza: za mlongo wake amene adzamuchingamire, za basi ya kumpoto, za mantha ake akuti mwina Chitumbuka chake chinachita dzimbiri ndipo ana akamuseka. Wallace ankafunsa, iye ankayankha. Atapitirira Shrewsbury msewu unachepa, ndipo kumbuyo kwawo kunayamba kundandana magalimoto, ena akuliza mahutala. Wallace anawaona pagalasi, koma phazi lake silinasunthe. Anayendetsa pang'onopang'ono choncho mpaka ku Wales, ndipo Chiukepo sanamufulumize.