Ndiwo Zopanda Mchere za Enifa

Yotam Jere anagwa m'chigafa chake cha fodya chaka chatha, atagwira pachifuwa ngati wabayidwa. Anapulumuka, koma adokotala ku Boma anamuuza mosabisa kuti mtima wafooka, sudzapopanso magazi ngati kale. Anamupatsa mapilitsi osiyanasiyana, ndi kena kakang'ono koyera kochotsa madzi m'thupi. Mkazi wake Enifa, mayi a mwana wawo Keith, anauzidwa kuti mchere uchepe, ndipo akaona miyendo ikutupa abwere naye msanga. Enifa sachita zinthu mwatheka. Mchere anangousiyiratu m'ndiwo za mwamuna wake.

Kapilitsi koyerako ndiko kanaputa nkhani. Ukamwa m'mawa sukhazikika, ukangokhala pansi kuseri kwaitananso. Tsiku lina Yotam akuchokera kokaonana ndi adokotala, minibasi ili thothotho pamsewu wa ku Embangweni, anapempha kondakitala kuti aime.

"Pirirani adada, tafika kale," anatero kondakitala.

Sanafike. Yotam, mkulu wa mpingo wathunthu, wovala jekete la pa Sabata, anatsika atatchinga kutsogolo ndi jumbo, atsikana awiri a sukulu akuyang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. Anazungulira m'minda mpaka buluku litauma, ndipo sanauze munthu. Kuyambira tsikulo, Enifa akamupatsa mankhwala, ena onse ankameza, koma koyerako kankatsalira m'manja n'kukathera m'thumba la jekete.

Posakhalitsa nsapato zinayamba kumukana. Ukadina chala pamwendo, dzenje linkatsala ngati m'dothi lonyowa. Ankagona chokhala, akutsokomola. Enifa akati tiyeni kuchipatala, iye ankakalipa kuti ndi kutopa chabe. Zoona zake, ankaopa minibasi, ankaopanso funso la adokotala.

Mlongo wa Yotam, Modester, yemwe nyumba yake inali pafupi, ndi munthu amene chifuwa cha m'nyumba ya eni amachimva bwino kuposa chake. Anabwera, anayang'ana miyendo ija, analawa ndiwo, n'kupukusa mutu. Kuno kufupi ndi malire a Kasungu anthu amanena kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina kenako n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala mdulo: amatupa, amatsokomola, mapeto ake maliro.

"Mwaona?" Modester anauza amayi kumjigo. "Mlamu wanga mchere akuuopa. Wamudula kale mdumbu wanga Yotam, mbwenu lero dzanja likunjenjemera."

Nkhani yotere sichedwa. Amayi anasiya kumubwereka Enifa lichero. Kumvano, benchi imene wakhalapo inkatsala ndi malo. Yotam zonsezi ankaziona, manyazi akumudya, koma m'mawa uliwonse dzanja linkapitabe m'thumba. Ankadziuza kuti anthu atopa okha.

Sanatope. A Walter, bambo aang'ono a Yotam, anaitanitsa abale pakhonde. Enifa anakhala pamphasa, chikwama cholongedza kale chili pambali pake, chifukwa anali atamva kuti akambirana zomubweza kwawo.

"Ine sindinayende ndi munthu, adada," anatero Enifa. "Mchere analetsa ndi adokotala."

"Yewo, tamva," anatero Modester. "Mchere sakudya. Mankhwala akumwa?"

"Akumwa. Ndimawapatsa ndekha, tsiku ndi tsiku."

"Nanga akutupa chifukwa chiyani?"

 Enifa anayang'ana mwamuna wake, osati momukayikira, koma ngati munthu wopempha thandizo. Yotam anamva kutentha m'makutu. Mkaziyu ankamuikira umboni ndi mtima wonse, ndipo umboni womwewo ndiwo unkamumangitsa.

A Walter anakonza kukhosi. "Nkhaniyi njolemetsa chomene. Mkamwana ayambe wapita kwa makolo ake, ife titume munthu..."

"Dikirani, adada."

Yotam anapisa m'thumba la jekete. Dzanja linatuluka lodzaza timapilitsi toyera, tina tophwanyika, tosakanikirana ndi ulusi ndi zinyenyeswa za fodya. Anatikhuthulira pamphasa. Kenako, akupumira m'mwamba, maso ali pa zala zake zotupa, anafotokoza zonse: minibasi, kondakitala, jumbo, atsikana a sukulu aja. Mawu oti "ndinadzikodzera" anawatchula pamaso pa mlongo wake, pamaso pa akamwana, pamaso pa bambo ake aang'ono. Palibe anaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

"Adumbu..." anatero Modester. Anayamba kukonza mpango wake umene unali wokonzeka kale.

Enifa sanalire. Anatola kapilitsi kamodzi n'kukayang'anitsitsa.

"A Jere," anatero motsitsa, "ndiye kuti ine ndasanduka hule m'mudzi muno kuti buluku lanu likhale louma?"



Enifa analowa m'nyumba, anatuluka ndi kapu ya madzi ndi kapilitsi katsopano ka m'botolo. Anaimirira pomwepo mpaka mwamuna wake atameza, abale onse akuonerera. Kenako anapinda buluku lina, analiika pamwamba pa zovala zake m'chikwama chija, n'kuchinyamula.

"Chikwama munandilongedzetsa kale. Tiyeni kuchipatala."

Minibasi ya ku Boma inali yodzaza ngati tsiku lija. Asanapite patali Yotam anayamba kusunthasuntha, thukuta lili pamphumi, pakamwa atatseka. Enifa anamuona. Anamenya denga la minibasi ndi chikhatho.

"Imani! Amuna anga akufuna kukodza. Ndi mankhwala a mtima."

Anakuwa kuti ndi wa kumpando wakumbuyo yemwe amve. Dalaivala anaima osatsutsa. Anthu anatsika kuti amupatse njira, mayi wina anamugwira mkono pomutsitsa, ndipo Yotam anayenda pang'onopang'ono kulowa patchire, minibasi yonse ikumudikira. Chinali chinthu chaching'ono chotere.

Atabwerera anakhala pansi n'kunong'ona, "Yewo, anyina Keith."

Enifa anali akuyang'ana pawindo, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Sanatembenuke mpaka ku Boma.