Chulu cha a Filesi

Luzia anazula kamtengo ka chinangwa, nakagogoda pampini wa khasu. Kanangofumbutuka. M'kati munali dothi lokhalokha, chiswe chili piringupiringu.

"Bambo a Carolina, tabwerani muone. Akanso kapita."

Mwamuna wake Ambrosio anabwera sopo ali m'masaya, lumo lili m'manja. Anawerama, nayang'ana chiswecho mmene kapitawo amayang'anira munthu wochedwa kuntchito.

"Tizinthu timeneti? Mkazi wanga, ine ndimapha zoposa apa."

Pamenepo sananame. Pafamu ya fodya imeneyi, kufupi ndi tauni ya Darwendale m'dziko la eni, Ambrosio ndiye anali wopopera mankhwala, ndipo anthu ankangomutcha sipuleya. Nkhululu, mbozi zodula mbande, nsabwe za m'masamba, zonse zinkamudziwa bwino. Ovololo yake yobiriwira ndi magambutsi ankazinyadira moti bambo mfumu akanalola, bwenzi akulowa nazo m'tchalitchi. Matenda ake anali amodzi: ntchito yaing'ono ankaiona ngati chipongwe.

Koma kwa Luzia nkhaniyi sinali yaing'ono. Mbewu ya chinangwacho inachokera kwawo ku Tete. Tsiku limene ankathawa nkhondo, mayi ake anamudulira timitengo m'munda mwawo, ndipo awiriwo sanaonanenso. Chaka ndi chaka ankachibzala kuseri kwa nyumba yawo m'komboni ya antchito a pafamupo, mpaka chilala chachikulu cha 1992 chinachiotcha n'kungosiyako timizere tiwiri. Nkhondo inali itangotha kumene, koma kumudzi kwawo kunalibenso munthu woti n'kukamupempha mbewu. Chikatha chimenechi, ndiye kuti chatheratu.

"Mungothira mankhwala pang'ono patsinde lililonse, monga mumachitira kufodya wa mzungu," anatero Luzia.

"Kuthira patsinde n'kupha antchito chabe, mawa abwera ena. Chiswe chili ndi make, ndipo make amakhala umo." Analoza ndi lumo chulu chachikulu chimene chinali chakumtunda kwa kamundako.

"Chulu cha a Filesi? Bambo, musayerekeze n'komwe."

M'komboni imeneyo chulu chilichonse chinali ndi mwini wake. Nyumba zinali za mzungu, nthaka ya mzungu, mpopi wa madzi wa mzungu, koma chulu chokha anthu ankagawana okha, ndipo palibe amene ankatchera ngumbi pachulu cha mnzake. Ichi chinali cha a Filesi, mayi wa Chimalawi woyandikana nawo nyumba, mkazi wa a Saulos, mkulu wa gule. Ngumbi zake zinali zonona moti anthu a mafamu ena ankazitchula. Mvula inali pafupi, ndipo a Filesi anali atachipala kale, atachifunda ndi udzu, mphika ataukwirira m'dzenje kudikira tsiku lake.

Ambrosio anamaliza kumeta, navala magambutsi kuti aoneke wantchito, napita. Anawapeza a Filesi akusokera udzu pachulupo.

"Zikomo, a Filesi."

"Fikani, a sipuleya. Kwagwanji mwavalira nkhondo m'mawa uno?"

"Chulu chanuchi chikutidyera chinangwa."

"Mwachiona chikuyenda?"

"Ndikunena chiswe, mayi."

"Chiswecho mwachifunsa chitupa? Chakuuzani kuti chimakhala kwa Filesi?"

"Ndimati ndithire kamushonga, timankhwala pang'ono chabe."

A Filesi anaika udzu pansi, nagwira m'chiuno. "Mushonga pandiwo zanga? Inu mungalole ndidzathire palafini mumphika wa a Luzia? Ngati muli ndi mawu ena, kawauzeni a Saulos. Mwina zilombo zawo zibwera kudzakuyankhani pakhomo panu."

Nkhani inathera pomwepo, chifukwa Ambrosio, amene sankaopa mankhwala aliwonse, gule yekha ankamuopa koopsa. Akangomva ng'oma ankakumbuka kuti ali ndi ntchito m'nyumba. Anabwerera mutu uli zyoli, koma mumtima anali atatsimikiza kale kuti mayi ameneyu sangamuphunzitse ntchito.

Kushedi kunali chigubu chotsalira mankhwala a m'nthaka, ndipo kapitawo anamulola kutenga. Lamulungu masana ng'oma zinayamba kulira kubwalo la mpira, komboni yonse n'kukhamukira kumeneko. Luzia anapita ndi amayi a mpingo kukaona wodwala. Ambrosio anasuzumira uku ndi uku, natunga madzi mundowa. Muyeso wake ankaudziwa bwino lomwe, kachivindikiro kamodzi basi, koma anati make chiswe si munthu wamasewera, ndipo anakhuthuliramo zonse mpaka kutsukuluza chigubu. Anazembera kuseri kwa chulu kumene udzu sunafike, nabowola ndi chitsulo, nathira ndowa yonse. Anamata bowo ndi matope, nafufuta mapazi ake ndi nthambi. Atatembenuka m'pamene anakumbukira kuti chinangwa sanachisiyireko ngakhale dontho.

"Mwathira?" anafunsa Luzia atabwera.

"Ndathira. Nkhani ya chiswe muiiwale."

Luzia anakondwa, namuphikira tiyi wamkaka. Ambrosio anamwa ndithu, osatsamwa.

Patapita masiku ochepa kunagwa chimvula, ndipo ngumbi, zimene zinali zitakonzeka kale ulendo, zinatuluka monga mwa chaka chilichonse. Mawa lake masana Ambrosio akuweruka kumunda, mphuno yake inakumana ndi fungo la ngumbi zokazinga. Atafika pakhomo anapeza mbale yodzaza ili pamphasa, ana akusamba m'manja.

"Mwafika bwino," anatero Luzia. "A Filesi atipatsa. Akuti tsiku lija anakulankhulani mokalipa, ndiye mbale yoyamba ikhale yathu."

Umenewo unali mwambo wa m'kombonimo: ngumbi zoyamba mwini chulu sadya yekha, amagawira khomo lililonse. Ambrosio ankaudziwa, chifukwa chaka chilichonse ndiye ankayamba kutambasula dzanja. Koma tsiku lothira lija mutu wake unali pa make chiswe basi.

"Musadye zimenezo," anatero, mawu akutuluka mopyapyala.

"Chifukwa?"

"Lero n'Lachisanu."

"Lero n'Lachitatu. Komanso ngumbi inasanduka nyama liti?"

"Zimapweteketsa m'mimba zikakhala zoyamba."

"Chaka chatha munadya mbale yonse nokha, m'mimba munali zii."

Akulimbana choncho, kamwana kawo Carolina kanatambasula dzanja. Ambrosio sanaganizenso. Anaimenya mbale ija ndi gambutsi, n'kuulukira pabwalo, ngumbi mbwee. Ana analira. Nkhuku zake zinabwera liwiro kudzalandira mwayi wogwa kumwamba, iye n'kuyamba kuzithamangitsa, akukupiza manja, akuterereka m'matope. Luzia anangoima kukamwa kuli yasa, akuganiza kuti mankhwala a mzungu amulowa m'mutu mwamuna wake.

Ali m'kati mopirikitsa tambala, anawaona a Filesi kutsidya kwa mpopi, lichero lili m'manja, akuchoka khomo ili kulowa linalo. Kumbuyo kwawo amayi anali kuitana ana awo kuti adzadye. Manyazi anamugwira, ndipo kwa kamphindi analakalaka nthaka itang'ambika. Koma mantha anaposa manyazi, chifukwa mphamvu ya mankhwalawo ankaidziwa kuposa wina aliyense. Anathamanga m'kati mwa komboni akukuwa m'zilankhulo zonse zimene ankadziwa.

"Musadye ishwa! Musadye ngumbizo! Muli mushonga! Ndathira ndine, Ambrosio!"

"Maiwe!" anakuwa mayi wina, akutokosa m'kamwa mwa mwana wake.

Mwamwayi ambiri anali akudikira kuti chakudya chipse. Amene anali atadya kale ndi a Saulos, amene ankati kulawa ndi udindo wa mwamuna. Anali atalawa manja angapo odzaza. Anawakweza m'ngolo ya thirakitala kupita nawo kukiliniki, iwo akutukwana njira yonse, akulonjeza Ambrosio zinthu zosayenera kuzilemba. Anabwerako madzulo ali bwinobwino, atangofooka ndi zimene anawamwetsa kumeneko. Tambala wa Ambrosio ndiye sanachite mwayi, anamupeza kuseri kwa bafa miyendo ili m'mwamba.

Ngumbi zonse anazikwirira m'dzenje lakuya. Anthu anaima mozungulira ngati pamaliro, ndipo kunena zoona ena misozi inalengeza. Pambuyo pa chaka cha njala chotero, kukwirira ndiwo zonona chonchija kunali kowawa.

M'mawa mwake Luzia anapita kukamunda kake, nazula kamtengo kena kofota. Chiswe chinali m'kati, chili pantchito monga mwa masiku onse.

"Ndiye kuno simunathire?"

"Onse anathera m'chulu," anayankha Ambrosio akuyang'ana pansi.

"Tiyi uja munamwa wa chiyani?"

Nthawi yomweyo kunamveka "zikomo" wouma. Anali a Filesi, a Saulos akutsatira pambuyo ndi ndodo. Luzia anawayalira mphasa, koma iwo anakana kukhala.

"Chulu chija mwachipha," anatero a Filesi. "Ndapitako. Mvula yagumula mbali imodzi, palibe ndi chiswe chimodzi chomwe chotuluka kudzamata. Ndinachilandira kwa apongozi anga, ana anga onse akula ndi ngumbi zake. Mukuti bwanji, a sipuleya?"

"Ndalakwa, mayi. Tengani nkhuku zonsezi."

"Nkhuku zodya poizoni? Mukufuna mumalize a Saulos?"

"Ameneyu musalimbane naye," anatero a Saulos. "Loweruka ndimutumizira alendo. Adzavina nawo mpaka magambutsi avuke."

Ambrosio anatuluka thukuta m'mawa wozizira. Anatembenuka kuti mkazi wake amupepesere, koma Luzia panalibe. Anali atatenga khasu n'kulowera kuseri kwa nyumba. Anamva kugunda kwa khasu, ndipo posakhalitsa anatulukira ndi dengu. M'dengumo munali timitengo tonse ta chinangwa timene tinali tidakali moyo, tamasamba anthete, atatizula mosamala ndi dothi lake. Anagwada, naika dengulo pamapazi a a Filesi.

"Ndiwo zanu takuwonongerani, mayi. Zathu ndi izi."

"Amake Carolina!" anadzuma Ambrosio. "Chinangwa cha amayi anu chija?"

"Chikakhala pano, kaya ndi chiswe kaya ndinu, wina achimaliza."

A Saulos anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya Luzia analeka. A Filesi nawonso mkwiyo unawathera. Mbiri ya chinangwacho ankaidziwa, ndipo anazindikira kuti mnzawoyo wapereka chinthu chokhacho chimene anali nacho cha kwawo. Anafuna kukana, koma mlandu unali mlandu, komboni yonse inali kuyang'ana, ndiponso anaona okha kuti pakamundapo mbewuyo sikanafika Khirisimasi.

"Ndalandira," anatero motsitsa mawu. "Ndikachibzala kudimba kwanga kumtsinje, kumene kulibe chiswe. Chigwada muzidzathyola tsiku lililonse limene mwafuna. Koma awa asadzapondeko phazi."

"Nanga alendo anga a Loweruka?" anafunsa a Saulos.

"Asiyeni apume. Chilango cha bambowa ndi ichi: chulu chija ndawapatsa. A sipuleya, n'chanu tsopano. Muzichifunda udzu chaka chilichonse, tione chimene mudzatigawire."

Anthu amene anali atayamba kuunjikana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Luzia yekha sanaseke. Anawathandiza a Filesi kusenza dengu, naliperekeza ndi maso mpaka linakhota pampopi, kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ambrosio anamumva akufwenthera m'katimo, ndipo zinamupweteka kuposa kuseka kwa komboni yonse.

Chinangwa chija chinakula bwino kumtsinje, masamba ali biriwiri. Akafuna chigwada, Luzia ankatsetsereka ndi kadengu, n'kukaima pampanda wa dimba la eni ake, n'kuodira kaye asanathyole masamba a mbewu ya mayi ake. Ambrosio ankamuperekeza ulendo uliwonse popanda womutuma. Ankathera pamsewu, n'kukhala pamwala kudikira kuti anyamule kadenguko pobwerera.