Muzimwa Mukadya

Mutu wachitatu wa kafukufuku aphunzitsi anaupha mmene anaphera iwiri yoyamba ija: mzere umodzi wofiira, kuchokera ngodya iyi ya pepala mpaka inayo. Si pachabe ana a sukulu anawatcha a Fufuta.

"Khansa!" anawerenga mokweza. "Iwe mwana, khansa uifufuza ndi chiyani? Ndi rula yakoyo? Unabwera ndi ubongo, ndinakana. Unabwera ndi katemera, ndinakana. Ndikufuna mutu woti uufufuze wekha, ndi maso ako ndi miyendo yako. Mawa Lachisanu belu loyamba likalira ndikukapereka mayina. Wopanda mutu, dzina lake palibe."

Mtsikanayo anatuluka mu ofesimo. Kwawo ankamutchula Dokotala, kuyambira tsiku limene anamanga mwendo wa mphaka ndi kansalu ali ndi zaka zisanu. Tsopano anali m'kalasi yomaliza, ndipo lamulo la pasukulupo linali losapita m'mbali: wofuna kalata yomuchitira umboni ku koleji ya zachipatala achite kaye kafukufuku wakewake wa zaumoyo. Popanda mutu palibe kafukufuku, popanda kafukufuku palibe kalata. Ndiye dzina la Dokotala lija lidzasanduka chotonzera moyo wake wonse.

Anathamangira ku laibulale. Kompyuta inali imodzi, oidikirira asanu ndi awiri. Anafunsa anzake, koma aa, mitu yofewa yonse inali itatengedwa ngati mipando yakutsogolo m'basi. Wina udzudzu, wina kusamba m'manja, wina mano obowoka. Anatsegula buku lalikulu la matenda, zilembo zinangomuvinira m'maso. Analitseka, n'kunyamula chikwama, ulendo wa kunyumba.

Anapeza amayi ake pakhonde, pa makina osokera, akumaliza mayunifolomu a eni ake. Anali atamanga mpango pamphumi, wothina kwambiri, monga ankachitira masiku amenewo.

"Amayi, ine ndatha. Ndilibe mutu."

"Ulibe mutu? Nanga chili pakhosipo n'chiyani, dzungu?" Sanakweze ngakhale maso. "Ngati ukufuna wina, tenga wangawu, ndikupatsa ulere. Wandizunza mlungu wonse uno."

"Amayi, inu mukuseka, ine ndikufa!"

"Ufe utadya. Chakudya chako chili patebulo."

"Inu mwadya?"

"Ndadya kale."

Funso limeneli linali la tsiku ndi tsiku, yankho lakenso chimodzimodzi, ngati moni wapanjira. Dokotala anavundukula mbale, n'kuyamba kudya ndi dzanja limodzi, linalo likulemba. Analemba "chifuwa", n'kufufuta. Analemba "maso", n'kufufuta yekha, a Fufuta asanavutike. Chakudya chinatha osamva n'kukoma komwe. Kenako anagwetsa nkhope pa kope n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, chifukwa zaka zonse zowerenga zija zinkaoneka kuti zithera pa mzere umodzi wofiira.

Ali m'kati molira anazindikira kuti makina aleka kulira. Makina a amayi ake sankaima dzuwa likadalipo.

Anatuluka. Amayi anali atatsamiritsa mphumi pa makinawo, manja ali lende.

"Amayi! Mayo ine, amayi!"

"Usakuwe, udzaza anthu pano. Ndi chizungulire chabe."

"Mankhwala anu ali kuti?"

Amayi analoza ndi chala kachitini ka mabatani. Mmenemo ndi mmene ankasunga kathumba ka mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, amene anapatsidwa kuchipatala milungu itatu yapitayo. Dokotala anali nawo tsiku limenelo, ndipo ankakumbukira bwino: mapiritsi makumi atatu, limodzi patsiku. Anayenera kutsala asanu ndi anayi. Koma kathumbako kanali kotupa. Anawakhuthulira pa nsalu ya yunifolomu n'kuwerenga kawiri. Makumi awiri ndi atatu.

"Amayi, mukufuna kundisiya wamasiye? Bwanji simukumwa mankhwala?"

"Iii, usandikalipire ngati wandibala ndiwe. Ndikumwa mmene anandiuzira."

"Anakuuzani chiyani?"

"Mayi wa pawindo la mankhwala uja. Suja unalipo? Anati, 'Muzimwa mukadya.' Ndiye ine ndikadya ndimamwa."

"Nanga enawa atsaliranji?"

Amayi anamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana.

"Tiyi ndi kudya, Dokotala?"

Mtsikana uja anakhala pansi, pasimenti pomwepo. Mawu aja anawamva ndi makutu ake pawindo paja, ndipo sanaonepo vuto. Wopereka mankhwala ankatanthauza kuti choyamba chakudya, kenako piritsi, poganiza kuti munthu aliyense amadya tsiku lililonse. Amayi ake anamva kuti piritsi ndi la tsiku limene wadya. Onse awiri sanalakwitse chilankhulo. Ndipo mapiritsi aja, osadziwa kunama, anali atasunga umboni wonse: pa masiku makumi awiri ndi limodzi, amayi anadya masiku asanu ndi awiri.

Chitseko chinali chotsegula. Patebulo mbale yake inali mbee, yoyera ngati yatsukidwa.

"Mumati mwadya kale," anatero Dokotala.

"Mwana wanjala saona zilembo," anayankha amayi, akukonza mpango wawo. "Ine ndimangopalasa makina, si ntchito ya ubongo. Tangopita uzikafuna mutu wakowo, usandiyang'ane choncho."

Manyazi amene anamugwira Dokotala sanawamvepo chibadwire. Iye wofuna kuchiritsa khansa ya dziko lonse, kulephera kuona kuti mayi ake akuwonda pakhonde! Analowa kukhitchini, anagwedeza chitini chilichonse, anapeza kachidutswa ka buledi ndi dzira limodzi limene amayi ankamusungira la mawa. Analikazinga, n'kuima pambali pa makina mpaka amayi anamaliza kudya, akung'ung'udza kuti akuwonongerwa dzira. Kenako anawapatsa piritsi ndi madzi. Atatero anatenga kope lija n'kulemba mzere umodzi wokha.

M'mawa anafika pa ofesi belu lisanalire. A Fufuta analandira pepala cholembera chofiira chili kale m'manja, chotsegula.

"'Muzimwa mukadya': zimene odwala amamva akauzidwa mawu amenewa, ndi mapiritsi amene amatsala m'nyumba zawo."

Anawerenga kamodzi, n'kubwerezanso. Cholembera chinatsika mpaka pafupi ndi pepala, n'kuima.

"Uufufuza bwanji?"

"Ndikaima panja pa chipatala, ndizifunsa otuluka zimene amva. Ovomera ndiziwayendera kunyumba, tiziwerenga mapiritsi otsala."

Aphunzitsi anatseka cholembera chija, chinthu chimene Dokotala anali asanachionepo. Anatenga chabuluu n'kulemba dzina lake pa mndandanda.

"Uwu ndiye mutu, mwana iwe. Bwanji sukusangalala? Unautenga m'buku liti?"

Belu linalira. Dokotala ananyamula chikwama chake.

"Si m'buku, aphunzitsi," anatero. "Ndinaupeza m'mbale mwanga."