Mpira Umene Murdo Anatola

Mkulu wanga Murdo wakhala akundigonjetsa pa gofu, masewera omenya kampira ndi ndodo mpaka kalowe m'dzenje, kuyambira tili ana, ndipo sanalolepo kuti ndiiwale. Paukwati wanga anazitchula. Pamaliro a mayi athu anazitchulanso, anthu n'kuseka mwamanyazi. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha ndisanafe: kumugonjetsa kamodzi, poyera, popanda choti anamizire.

Mwayi unapezeka titalandira malo pabwalo lakale la Balcraigie, kumene akatswiri amalimbirana chikho. Anthu ngati ife, ine wokonza mapaipi ndi iye woyendetsa basi, timalembetsa chaka chino kuti tidzasewere chaka chamawa, ndipo tikatero basi, sitibwererakonso. Murdo anagula chipewa chatsopano. Ine ndinatha nyengo yonse yozizira ndikukankhira mpira m'kapu pakapeti, mpaka mkazi wanga Ishbel anati ndapenga.

Tsikulo mphepo yakunyanja inkawomba mopingasa, yonyowa, yolowa mpaka m'mafupa. Bwalolo lilibe mtengo ngakhale umodzi, ndi mitumbira yokhayokha, zitsamba zaminga ndi maenje amchenga akuya moti munthu akalowamo chimaoneka n'chipewa chokha. Murdo anayamba ndi matama ake, kundiuza kuti ndigwire bwino ndodo, si sipanala. Koma iye amakonda kumenya mpira m'mwamba kuti anthu aone, ndipo mphepo inkangomulanda n'kukauponya kuminga. Ine ndinkauyendetsa pansipansi ngati khoswe. Tinkapikisana dzenje ndi dzenje, ili watenga iye, ili ndatenga ine. Pofika chakumapeto matama aja anali atamuthera.

Tinafika padzenje lomaliza tili ofanana. Pamenepo pali khoma lamiyala pomwe anthu a m'tauni amatsamira ndi agalu awo n'kumaonerera aliyense womaliza. Murdo anakankha mpira wake, unanyambita mlomo wa dzenje n'kudutsa. Wanga unali patali ndithu, potsetsereka, poti munthu akhoza kuphonya osachita manyazi. Ndikaulowetsa, ndapambana. Ndinagwada, ndinaona njira yake bwinobwino. Manja anga anali phee. Chibadwire sindinakhalepo wokonzeka chotero.

Ndikudzuka, ndinaona Murdo akuwerama. Anatola mpira wanga n'kundiponyera.

"Walowa, mphwanga. Ndakupatsa."

Mwambo wathu umatero. Mpira ukakhala pafupi ndi dzenje, mnzako akhoza kunena kuti walowa, ndipo akanena wanena, sungakane. Ndi ulemu, koma umachitika mpira ukakhala pamlomo penipeni, osati pamene unali wangawo. Ndinamuuza kuti aubwezeretse pomwe unali. Iye anavula chipewa n'kutambasula dzanja, ndipo anthu apakhoma aja anaomba m'manja poona munthu wamtima wabwino chonchi. M'mbuyo mwathu ena anali akudikira kale kuti tichoke. Ndinamugwira dzanjalo, mtima ukuwira.

M'bala yapabwalopo Murdo anaitanitsa wisiki wa onse amene anali pafupi, n'kukweza tambula.

"Mng'ono wangayu wapambana lero. Ndinaona manja akunjenjemera, ndiye ndinati mwana wa mayi anga asachite manyazi pamaso pa anthu."

Anaseka onse, wina n'kundisisita paphewa kuti ndili ndi mbale wosowa. Ndinanena kuti manja anga sananjenjemere. Anasekanso kwambiri.

Sabata yotsatira Murdo anagulitsa ndodo zake, akuti bondo lamuvuta. Ndamupempha kuti tibwereze, ngakhale pakabwalo kathu kakuseri kwa fakitale, koma amangoti wapambana kale, ukufunanso chiyani. Ndimadana naye chifukwa cha zimenezi, ndipo sindibisa.

Mpirawo uli m'kabati ya masokosi. Adzukulu akandifunsa ngati ndinawagonjetsapo agogo awo a Murdo, ndimati inde. Ndiye amafunsa ngati ndi tsiku lija anandipatsa.